Kuona nyama ndi kuyenda m'mapiri a Nyika pa ulendo umodzi: mmene mungaukonzere muli ku Mzuzu

Chaka chilichonse mvula ikangokata, foni yanga imayamba kulira ndi funso lomwelomwelo. Wina wa kuntchito, wina wa ku kwaya, wina mlamu wa mnzanga amene sindinamuonepo ndi kale lomwe: "Achimwene, tamva kuti inu mumapitapita ku Nyika. Nafenso tikufuna tikaone nyama, koma tikayendekonso m'mapiri. Tiyambire pati?" Ndayankha pa WhatsApp, ndayankha mu minibasi ya ku Luwinga, tsiku lina ndinayankhira pamaliro penipeni. Pakamwa pafika potopa, ndiye ndalemba pano kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Ambiri akamafunsa, mantha awo amakhala pa nyalugwe ndi kutalika kwa phiri. Koma pa maulendo onse amene ndawaona akusokonekera, palibe ndi umodzi womwe umene unasokonezedwa ndi nyalugwe. Amafera pa nkhani ya galimoto, pa chisanu cha usiku, ndi pa mawondo tsiku lotsika. Choncho ndichedwa kwambiri pamenepo, kwinako ndingodutsa.

1. Yambani mwagwirizana kuti mukufuna kuyenda motani

Mawu oti "kukwera phiri" amanamiza. Nyika si Mulanje. Ku Mulanje mumayambira pansi n'kukwera ndi miyendo mpaka kukafika pa Sapitwa, mamita 3,002. Ku Nyika galimoto ndiyo imakukwezani. Mukafika pa Chelinda, kampu ya alendo ya m'kati mwa paki ya Nyika, muli kale pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, ndipo chimene mukuona kutsogolo ndi zitunda za udzu wamfupi zogundana mpaka kumene maso alekezera. Nsonga yaitali kuposa zonse ndi Nganda, yopitirira pang'ono mamita 2,600, koma galimoto imakusiyani pafupi ndipo chotsala ndi kamtunda kakafupi.

Ndiye pali njira zitatu. Yoyamba ndi kugona pa Chelinda n'kumayenda maola awiri kapena anayi patsiku, madzulo n'kubwerera pamoto. Imeneyi ngakhale amayi anu aakulu angaithe. Yachiwiri ndi kuwonjezerapo tsiku la Nganda kapena la mathithi a Chisanga. Yachitatu, imene malangizo ano akunena kwambiri, ndi kuyenda wapansi kuchoka pa Chelinda mpaka ku Livingstonia: masiku atatu, kugona m'matenti kawiri. Mukaphatikiza ndi usiku umodzi kapena uwiri ku Vwaza, malo osungirako nyama oyandikana ndi Nyika, ndi uwiri pa Chelinda, ikani padera sabata yathunthu.

Khalani pansi ndi gulu lonse musankhe chimodzi. Gulu limene theka likufuna kujambula mbidzi ndipo theka lina likufuna kutuluka thukuta limakangana tsiku lachiwiri lisanathe.

2. Sankhani mwezi

Kuyambira Meyi mpaka Okutobala misewu imakhala youma. Juni ndi Julayi kumwamba kumayera bwino, koma usiku pa Chelinda madzi a m'beseni amatha kuundana pamwamba. Inu a ku Mzuzu mumadzitama kuti kuzizira munakuzolowera. Mzuzu ali pa mamita pafupifupi 1,250. Onjezerani ena 1,000 pamenepo, chotsani nyumba ndi mitengo yotchinga mphepo, ndiye mudziwe chimene chikukudikirani.

Sepitembala ndi Okutobala ndiyo miyezi imene ine ndimaikonda pa ulendo wophatikiza. Ku Vwaza madzi amakhala atauma m'madambo ambiri, ndipo njovu ndi njati zimasonkhana pa nyanja ya Kazuni. Ku Nyika kumakhala kwafundako, ndipo m'malo amene udzu unapsa mumaphuka msipu wanthete umene chilembwe ndi mbidzi zimaukonda. Choipa chake ndi utsi wa moto wolusa umene umaphimba mapiri akutali.

Dzinja lili ndi ulemerero wake. Januwale ndi Febuluwale maluwa amadzaza phiri lonse, ndipo a mtundu wa orchid okha alipo mitundu yoposa 200. Koma walira mvula walira matope. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, dzinja lisiyeni.

3. Galimoto: apa ndi pamene ulendo umafera

Mabuku ndi mapepala okopa alendo amangoti "mukafika pa Chelinda". Sanena kuti mufika bwanji, ndipo sanenanso kuti galimoto yanu mukaipeza bwanji mukatulukira mbali ina ya phiri.

Tiyambe ndi kupita. Kuchoka ku Mzuzu mumatenga msewu wa M1 kulowera kumpoto, kudutsa Ekwendeni, kenako n'kukhotera kumanzere kulowa ku Rumphi kudzera pa mpata wa Njakwa, pamene mtsinje wa South Rukuru umadzipanikiza pakati pa mapiri. Mpaka pa Rumphi ndi makilomita osafika 70. Kuchoka pa Rumphi kudzera ku Bolero kukafika pa geti ya Thazima yolowera m'paki ndi pafupifupi 55, ndipo kuchoka pa geti kukafika pa Chelinda ndi enanso pafupifupi 60. Pa pepala zikuoneka zochepa. Koma mukadutsa Rumphi musadalirenso phula. Gawo lalikulu ndi fumbi, miyala ndi mabampu amene amamasula chilichonse chomangidwa ndi bawuti. Werengerani maola asanu kapena asanu ndi limodzi kuchoka ku Mzuzu, ndipo kumbukirani kuti geti imatsekedwa 6 koloko madzulo, komanso kuti mukalowa muli ndi maola ena awiri musanaone nyali za pa Chelinda. Amene amanyamuka ku Katoto atadya nkhomaliro amafika ndi mdima, ali ndi njala, ndi ukali.

Galimoto ikhale yokwera m'mwamba, makamaka yokoka mateyala onse anayi. Sienta ndi yabwino pa msewu wa ku Nkhata Bay, kuno ayi. Sipeya ikhale ndi mpweya, osati yongokongoletsa kumbuyo, ndipo jeke muiyese muli pakhomo. Mafuta thirani odzaza ku Mzuzu, muwonjezere pa Rumphi ngati alipo, ndipo mutenge chigubu china chapadera. M'paki mulibe pothirira mafuta poti n'kudalira, chonsecho kuzungulira koona nyama ndi kupita ku Nganda kumamwa mafuta amene ambiri saawerengera. Amangowerengera kupita ndi kubwera.

Opanda galimoto amafunsa za matola. Minibasi ndi ma Sienta amafika pa Rumphi ndi ku Bolero tsiku lililonse. Malole ndi mapikapu opita ku Nthalire ndi ku Chitipa amadutsadi m'paki, koma alibe nthawi yodziwika, ndiponso salowa pa Chelinda. Amakutsitsani pa mphambano, makilomita angapo ndithu kuchoka pa kampu, m'tchire la nyama momwe simuloledwa kuyenda nokha. Ngati mwasankha njira imeneyi, pakhale munthu wa pa kampu amene mwagwirizana naye kuti akakutengeni pa mphambanopo.

Tsopano nayi mbuna imene ine ndinagweramo. Ulendo wanga woyamba tinali anthu anayi. Tinabwereka galimoto ya malume a mnzathu, tinaiimika bwinobwino pansi pa mitengo ya paini pa Chelinda, makiyi m'thumba, n'kuuyamba wapansi. Tsiku lachitatu tinafika ku Livingstonia, miyendo ili njenjenje koma mitima ili m'mwamba. Tikumwa tiyi, mmodzi wa ife anatulutsa makiyi aja n'kuwaika patebulo. Tonse tinangowayang'ana, zii. Galimoto inali kuseri kwa phiri, ndipo pamsewu, kuzungulira kudzera ku Rumphi ndi ku Thazima, ndi mtunda woyandikira makilomita 200. Zinatitengera masiku ena awiri ndi ndalama zonse zimene zinatsala kuti tikaitenge, ndipo malume aja sanatibwerekenso.

Njira zothetsera vutoli ndi zitatu, ndipo musankhe imodzi musanachoke ku Mzuzu. Yoyamba: pakhale dalaivala, kapena mmodzi wa gulu amene sakufuna kuyenda wapansi, woti inu mukanyamuka iye atsike ndi galimoto kudzera ku Rumphi akakudikireni ku Livingstonia. Ameneyu mumulipirire malo ogona ndi chakudya cha masiku onse atatu, ndipo mumuwerengere mafuta ake. Yachiwiri: chitani hayala galimoto yokakusiyani pa Chelinda basi, pobwera mudzatsikire ku Chitimba n'kukwera minibasi ya pa M1 yochokera ku Karonga. Mwini galimoto adzakulipiritsani ulendo wobwerera wopanda anthu, ndipo ali ndi chifukwa chomveka, musakangane naye. Koma dziwani kuti mukatero mulibe galimoto yoonera nyama pa Chelinda, pokhapokha mutalipira ya pa kampu. Yachitatu ndi ya magulu awiri odziwana: lina liyambire pamwamba, lina pansi, n'kusinthana makiyi pokumana. Imamveka yanzeru, koma gulu loyambira ku Livingstonia limakwera phiri lonse ndi miyendo, ndipo sindinapezepo anthu ofuna kukhala gulu limenelo.

Ine ndimalangiza yoyamba. Ndipo gwirizanani ndi dalaivala malo enieni ndi tsiku lenileni lokumana, chifukwa m'njiramo netiweki imapezeka mwa apo ndi apo. Muuzeninso chochita ngati dzuwa la tsiku lachitatu lalowa inu musanaoneke: aimbire a paki, asayambe kukufunani yekha.

4. Anthu oyenda nawo, ndi zoti mukambirane musananyamuke

Nyika inakhala paki mu 1965, yoyamba m'Malawi, ndipo inakulitsidwa mu 1978 mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000. Ili pansi pa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, imene masiku ano ikugwira ntchito limodzi ndi bungwe la Peace Parks Foundation ku Nyika ndi ku Vwaza komwe. Lamulo lake ndi loti simuyenda wapansi kutali ndi kampu popanda wokuperekezani wa paki.

Mawu atatu muwasiyanitse. Sikauti ndi msilikali wa paki wonyamula mfuti, amene anthu a m'midzi yozungulira amangoti agemu. Ntchito yake ndi chitetezo chanu ndi cha nyama zomwe. Gaidi ndi wolondolera njira ndi kukufotokozerani zimene mukuona. Nthawi zina munthu mmodzi amagwira ziwiri zonsezi. Onyamula katundu ndi anyamata a m'midzi yoyandikana ndi paki amene amasenza matenti, chakudya ndi mapoto. Musachite nazo manyazi. Mwezi wonse mumakhala pampando mu ofesi, ndiye musadzipange ngwazi ndi chikwama cha makilogalamu 20.

Imbani foni kukadali milungu iwiri kapena itatu, munene tsiku, chiwerengero chanu ndi njira imene mukufuna, ndipo mufunse mitengo ya nthawi imeneyo: yolowera munthu, yolowera galimoto, yogona, ya sikauti. Amalawi timalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja, koma pa geti amafuna chiphaso cha unzika, osati nkhope kapena Chichewa chanu. Ndalama tengani zogwirika. Airtel Money ndi Mpamba zimafuna netiweki imene kumeneko ndi ya mwayi.

Ndi onyamula katundu kambiranani zinthu zinayi pamaso pa sikauti, chikwama chisanakwere pamutu: malipiro a tsiku, chiwerengero cha masiku, chakudya, ndi kulemera kwa katundu. Pa masiku m'pamene pamabuka mkangano. Inu mukuwerenga atatu chifukwa ulendo wanu ukuthera ku Livingstonia. Iwo ndi sikauti ayenera kubwerera kumene anachokera, wapansi kapena pa matola, ndipo masiku amenewo ndi anu kulipira. Pa chakudya funsani mwachindunji: "Adada, ufa ndi ndiwo mutenga zanu kapena tiphikire limodzi?" Ine ndimakonda mphika umodzi. Gulu lodyera pamodzi limayenda bwino, ndipo sindingathe kutsegula chitini cha nyama munthu amene wandisenzera tenti akudya nsima ndi mchere. Katundu wa munthu mmodzi asapitirire makilogalamu 18. Afunseninso ngati ali ndi chofunda ndi pogona. Kawirikawiri amangoti "tili bwino", koma chisanu sichisankha.

Ambiri mwa iwo chilankhulo chawo ndi Chitumbuka. "Monire adada", "muli uli" ndi "yewo chomene" sizikudyerani ndalama.

5. Konzekeretsani thupi

Milungu inayi ikukwana. Yendani ola limodzi katatu pa sabata, ndipo Loweruka lililonse maola anayi, chikwama chili kumsana, mutavala nsapato zomwezo mudzavale kuphiri. Mzuzu sasowa zitunda: kwerani ndi kutsika za ku Masasa, kapena lowerani cha ku Kaning'ina. Muziyeserera kwambiri kutsika, chifukwa chake muchiona pa nambala 10.

6. Katundu

Simukufunika sitolo ya azungu. Pafupifupi zonse zimapezeka pa kaunjika ku Zigwagwa ndi mumsika waukulu. Jekete yochindikala imodzi, juzi, jekete ya mvula, chipewa cha ubweya, magolovesi, chipewa cha dzuwa, masokosi ochindikala mapeya anayi. Buluku la jinzi lisiyeni: likanyowa ndi mame a m'mawa limalemera, limazizira, ndipo siliuma mpaka madzulo. Nsapato zikhale zogwira pansi ndipo zikhale zakale. Nsapato yatsopano imabala matuza tsiku loyamba lomwe. Ikhalenso ndi mpata kutsogolo kwa zala.

Pogona: tenti, sleeping bag yochindikala kapena mabulangete awiri, ndi kamatiresi kopyapyala. Anthu amaiwala kamatiresi, chonsecho kuzizira kwambiri kumachokera pansi, osati m'mwamba. Zonse zikulungeni m'mapepala apulasitiki musanaziike m'chikwama.

Chakudya: ufa, mpunga, usipa, soya, mazira owiritsa a tsiku loyamba, mtedza wokazinga, chiponde, buledi, shuga, masamba a tiyi kapena khofi wathu wa Mzuzu. Nyemba zouma musatenge. Pamtunda wotere madzi amawira asanatenthe kwenikweni, ndiye nyemba zimatha nkhuni zonse zikadali gwa. Madzi a m'timitsinje ta pamwamba ndi oyera ndi ozizira, komabe thiranimo WaterGuard kapena awiritseni, makamaka mukayandikira midzi.

Zotsala: tochi, power bank, machesi m'kabotolo, Vaseline wa milomo, pulasitala, bandeji, Panado, ORS, ndi magalasi oonera patali ngakhale amodzi pa gulu lonse.

7. Yambirani ku Vwaza

Vwaza ili m'chigwa, kum'mwera chakumadzulo kwa Nyika, ndipo kampu ya Kazuni ili makilomita pafupifupi 30 kuchoka pa Rumphi. Ndimati muyambire kumeneko pa zifukwa ziwiri. Njovu, njati ndi mvuu mumaziona mosavuta muli chikhalire pa khonde, ndiye mukakwera ku Nyika mtima umakhala utakhazikika, simukhumudwa kuti njovu sizikuoneka. Chachiwiri, mukathera ku Livingstonia simudzakhalanso ndi mphamvu zobwerera m'fumbi.

Ku Vwaza kuli kashembe. Ntchentche imeneyi imaluma masana, imapyoza ngakhale malaya opyapyala, imathamangira galimoto yoyenda, ndipo imakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda. Mukaona nsalu zabuluu ndi zakuda zitapachikidwa m'tchire, imeneyo ndi misampha yake. Ndiye jezi yanu yabuluu ya timu ya mpira ikhale m'chikwama. Valani zakhaki kapena zotuwa, za manja aatali, ndipo tsekani mawindo podutsa m'nkhalango. Si kashembe aliyense ali ndi matenda, koma kaodzera alipodi m'boma la Rumphi. Mukabwerako n'kuyamba kutentha thupi ndi mutu patapita sabata imodzi, ziwiri kapena zitatu, makamaka ngati pamene munalumidwa patupa chilonda, musangogula mankhwala a malungo pa golosale. Pitani kuchipatala ndipo munene ndi pakamwa panu kuti munali ku Vwaza. Udzudzu nawonso ulipo, neti musaiwale.

Madzulo musayende m'mbali mwa nyanja. Mvuu zimatuluka kukadya, ndipo munthu wopezeka pakati pa mvuu ndi madzi amakhala pangozi yaikulu.

8. Tsiku lopuma pa Chelinda

Musafike lero n'kunyamuka mawa m'mamawa. Mpweya wa pamwamba ndi wopepuka, ndipo tsiku loyamba mudzadabwa mukupuma wefuwefu pa kachitunda kachabechabe. Gonani kawiri. Tsiku la pakatilo zungulirani madamu a pafupi ndi kampu, m'mphepete mwa nkhalango ya paini imene inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950, kumene mbawala zimadya udzu osakulabadirani. Masana pitani ku Nganda kapena ku thanthwe la Jalawe. Kukayera, kum'mawa mumaona nyanja ndi mapiri a ku Tanzania kutsidya kwake. Pali kanyanja kachilengedwe kotchedwa Kaulime, kamene anthu akale a kuno ankakalemekeza ngati malo a mizimu ndipo amakambapo nkhani za chinjoka. Mufunseni sikauti, aliyense ali ndi kakambidwe kake.

9. Kuyenda wapansi pakati pa nyama

Pamwamba pa Nyika mumakumana kwambiri ndi chilembwe, ntchefu, mbidzi, mphoyo, njiri ndi agwape. Afisi mumawamva usiku. Anyalugwe alipo ambiri, koma amakuonani iwo, inu osawaona. Njovu ndi njati zimakonda m'munsi, m'nkhalango za miombo. Mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Nyika, ndiye ndowe zikapezeka panjira musadabwe.

Nyama imene imalola galimoto kuyandikira imathawa munthu woyenda wapansi akadali kutali. Choncho kaonedwe kake n'kosiyana. Mumayenda mondondozana, sikauti patsogolo, osalankhula mokweza, sipika ya nyimbo itatsala kunyumba. Mukamayandikira msana wa chitunda, chepetsani liwiro ndipo musatulukire nonse mutu uli m'mwamba, chifukwa kuseri kwake n'kumene kumakhala gulu. Tsiku lina sikauti wathu anangotambasula dzanja kumbuyo, tonse tinakhala pansi mu udzu. Anatola kafumbi n'kukasiya kagwe kuti aone kolowera mphepo, kenako anatikwawitsa pang'ono kumanzere. Kuseri kunali ntchefu zoposa makumi awiri. Tinakhala pamenepo mwina theka la ola, mpaka tinkamva kulira kwa miyendo ya nkhunzi yaikulu ikamaponda, kuti tha, tha, ngati munthu akuthyola timitengo touma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zinabalalika pamene foni ya mnzathu inalira alamu ya 4 koloko.

Sikauti akati imani, imani. Akati bwererani, bwererani chafutambuyo pang'onopang'ono. Musathamange pokhapokha iye atanena, ndipo musapatuke nokha kukadzithandiza osamuuza. Nkhungu ikagwa, ndipo ku Nyika imagwa mwadzidzidzi ngakhale masana, gulu lonse liyandikane. Zitunda za kumeneko zimafanana ngati mazira, munthu amasochera ali mamita 100 kuchoka kwa anzake.

Moto usonkhedwe pokhapokha pamene sikauti waloza, ndipo uzimitsidwe ndi madzi. Chotsalira cha fodya chimodzi chimatentha phiri lonse mu Sepitembala. Musakumbe kapena kugula tizinthu ta pansi ta maluwa timene amapangira chinaka: kukumba kumeneko n'kumene kukutha maluwa a Nyika. Madzulo aliwonse dzifufuzeni nkhupakupa m'miyendo ndi m'chiuno. Nsapato ndi mapoto zigone m'tenti, chifukwa fisi amatola chilichonse chonunkhira.

10. Kutsika

Tsiku loyamba la njira ya Livingstonia ndi lokoma: udzu, mphepo, nyama, timitsinje. Anthu amafika pogona akunena kuti anawaopseza chabe. Kenako phiri limatha mwadzidzidzi kum'mawa, ndipo njira imagwera m'munsi, kudutsa m'nkhalango ndi m'zigwa mpaka kukafika ku minda ya anthu. Kuchoka pa Chelinda kukafika ku Livingstonia mumatsika pafupifupi mamita 1,000, koma osati kamodzi. Mumatsikira mumtsinje, n'kukweranso, n'kutsikanso.

Kukwera kumatopetsa mtima ndi mapapo, ndipo ukapuma umachira. Kutsika kumadya ntchafu ndi mawondo mwakachetechete, chifukwa phazi lililonse mwendo ukugwira buleki thupi lonse ndi chikwama chomwe. Ululu wake umabwera mochedwa, ndipo kupuma sikuuchotsa. Ndaonapo mnyamata wothamanga mpira Loweruka lililonse akutsika chokhala pansi ngati mwana.

Chitani izi. Dulani zikhadabo za kumapazi musanachoke kunyumba. Musanayambe mtsetse, khalani pansi mumangenso zingwe za nsapato mothinitsa cha pa kakolo, kuti phazi lisamatsetserekere kutsogolo n'kumagunda zala. Mukapanda kutero chikhadabo cha chala chachikulu chimada n'kudzagwa patapita mwezi. Pemphani onyamula katundu akupezereni ndodo yolimba yofika pachifuwa, iwiri ngati mawondo anu ndi odandaula kale. Ndodo izitsogola, phazi lizitsatira. Ponyani mapazi pafupipafupi, mawondo ali opindika pang'ono, osawaongola gwa. Potsetsereka kwambiri yendani chammbali. Musagonere kumbuyo poopa kugwa, chifukwa m'pamene zidendene zimaterereka, makamaka pa udzu wouma ndi timiyala ta m'chilimwe. Pumani mphindi zisanu ola lililonse ngakhale musanatope, ndipo mudye kanthu.

Malo akangoyamba kutentha paphazi, imani nthawi yomweyo mumatepo pulasitala. Musadikire kuti tikafike pamthunzi. Thuza limapangika pa mphindi khumi.

Onyamula katundu adzakudutsani akuthamanga atavala masilipasi, katundu ali pamutu. Musawatsatire. Anakulira pa zitunda zimenezi. Woyenda pang'onopang'ono kuposa onse ayende kumbuyo kwa sikauti, ndipo liwiro la gulu likhale lake. Nyamukani kukangocha, chifukwa mukamatsika kutentha kumakwera, ndipo juzi imene munagona nayo imasanduka katundu. Madzi imwani kuposa dzulo lake.

Mukatuluka m'paki mwalowa m'midzi ya Aphoka, ya minda ya khofi, nthochi ndi chinangwa yopachikika m'mapiri. Ena mwa mabanja a kuno ndi a mbali zina zozungulira anachotsedwa m'malo awo pamene paki inkakula, ndiye nkhani ya paki musaiyambe mwachibwana. Perekani moni, pemphani musanajambule munthu, gulani nthochi pa mtengo umene anena. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

11. Ku Livingstonia ndi kubwerera

Mukafika, lipirani anthu anu tsiku lomwelo, aliyense m'manja mwake, osati kupatsa mmodzi kuti akagawe. Ngati anagwira bwino ntchito onjezanipo kena kake, ndipo jekete ya pa kaunjika ija ikawathandiza kwambiri iwo kuposa kukagona m'sutikesi mwanu.

Gonani usiku umodzi. Mishoni ya Livingstonia anaikhazikitsa pa Khondowe ndi Dr Robert Laws mu 1894, atalephera ku Cape Maclear ndi ku Bandawe chifukwa cha malungo, ndipo nyumba yake ya miyala, Stone House, ikadalipo. M'mawa, ngati miyendo ikulola, pitani ku mathithi a Manchewe, aatali pafupifupi mamita 125, ndi kuphanga la kuseri kwa madzi kumene anthu ankabisala nthawi ya nkhondo zakale. Miyala yake ndi yoterera, ndipo miyendo yanu tsiku limenelo si yoti n'kuikhulupirira, ndiye musayandikire kuphompho pofuna chithunzi.

Amene muli ndi dalaivala, bwererani kudzera njira ya ku Rumphi. Amene mukukakwera minibasi ku Chitimba, pali msewu wa Gorodi, makilomita pafupifupi 15 a makona 20 okhota ngati chigongono. Anthu amautsika wapansi maola atatu kapena anayi. Pambuyo pa masiku atatu a m'phiri, ine ndimadikira pikapu.